Kapini Kamene Amayi Anamanga pa Chitenje

Pali anzanga ena kutchalitchi amene akamva nkhani iyi amati ndimathira mchere wambiri, koma ndikukuuzani ngati anansi anga kuti mulibe liwu lopeka ndi limodzi lomwe. Ine ndine namwino, ndipo pa ntchito yangayi ndaona zokwanira moti sindingavutikenso ndi kupeka zina. Mayina sinditchula chifukwa eni ake alipo, ena mwina mumapemphera nawo. Papita zaka ndithu chichitikireni.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Leeds, kuno ku Mangalande, ine ndikugwira ntchito m'chipatala, bambo a kunyumba akukwera basi m'mawa uliwonse kupita ku galaja ina ku Bradford. Umakaniko anayambira kwathu pa maminibasi ndi zigayo, koma mtima wawo unali pa ndege chiyambire ali mwana, pamene ankakhala kwa amalume awo pafupi ndi Chileka n'kumathawa kusukulu kukasuzumira pa waya. Ndiye tsiku lina ku galaja kuja kunabwera mkulu wina wachizungu, imvi mbuu, kudzakonzetsa galimoto, ndipo pocheza anatulutsa mawu oti ali ndi ndege yakale imene amachita nayo mipikisano. Basi, kuyambira pamenepo Loweruka lililonse nyumba yanga inkakhala yopanda mwamuna. Ndegeyo ndinkaitcha mkazi mnzanga, ndipo ponena choncho sikuti ndinkaseka kwenikweni.

Musaganize za ndege zija timakwera popita kumudzi. Iyi inali ya matabwa ndi nsalu, yakale kuposa amayi anga ondibereka, mapiko ena pamwamba ena pansi, mipando iwiri yotsogozana yopanda denga, ndipo injini yake ankailiza pochita kupukusa ndi manja chipulopela cha kutsogolo chija. Inkagona m'shedi pa kabwalo ka udzu kunja kwa mzinda, pakati pa minda ya nkhosa. Pa sabata ya mpikisano pabwalopo pamadzaza ndege za mitundumitundu, zochedwa zimanyamuka poyamba, zaliwiro pambuyo, zonse n'kumazungulira m'ngodya zimene anaikiratu m'minda, ndipo m'ndege iliyonse mumakhala woyendetsa ndi mnzake woyang'ana mapu. Chaka chimenecho mnzake wa mkulu uja anadwala, mpando wakutsogolo unagwera abambo. Anatengera tchuthi sabata yonse, tchuthi chomwe ine ndinkawerengera kuti andithandiza kulera khanda lathu, ndipo ankabwera kunyumba akununkha oyilo, maso ali gwa ndi chimwemwe.

Malamulo a m'shedimo ndinkawadziwa osafuna, chifukwa ankandilalikira pa chakudya chilichonse. Ankati kachitsulo kalikonse koti kalowe mu ndege kamakhala m'thireyi, ndipo thireyi ikakhala yopanda kanthu ndiye kuti ntchito yatha. Ankatinso munthu amene manja ake ali mu injini sapatsidwa moni, umangoima n'kumudikira. Ine ndinkati azungu ndi anthu odabwitsa, mpaka moni kumuikira lamulo? Anandionetsanso timapini tina ta miyendo iwiri tomwe amalowetsa mu nati kuti isamasuke ndi kunjenjemera kwa injini. Kapiniko kakalowa amakakhotetsa miyendo, ndipo kakatuluka amakataya, sikabwereranso. Ndinkangoti eya, eya, maganizo ali pa shifiti ya mawa.

Tsono m'nyumbamo munali mlendo. Amayi anga anali atabwera kuchokera kumudzi ku Dowa kudzandithandiza khanda lija. Amayi ndi munthu wa mwambo wake, ndipo kwathu mpongozi wamkazi ndi mkamwini sayandikizana, sadyera pamodzi, sapatsana chinthu pamanja, ndipo nkhani imadzera mwa mwana wamkazi. Abambo nawonso analeredwa chimodzimodzi, ndiye anapezana. Mukuzidziwa nyumba za kuno mmene makwerero ake alili opanikiza. Abambo akamva amayi akutsika ankabwerera chafutambuyo n'kukabisala ku bafa, amayi akamva abambo akubwera ankadzitsekera ku khitchini, ine pakati ndikunyamula uthenga wa anthu awiri amene akumvana bwinobwino kudzera pakhoma. Ndinkawaseka onse awiri, koma pansi pa mtima ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu waulemu.

Tsiku loyeserera, mpikisano weniweni usanafike, kunacha bwino ndipo ine ndinali pa ofu. Amayi anali atatopa ndi kubindikira m'nyumba, ndipo anandiuza kuti akufuna akaone ndege ya akamwini kuti akakhale ndi chokafotokoza kumudzi. Anakazinga mandasi, ine ndinathira tiyi m'fulasiki, khanda kumsana kwa agogo ake, ulendo. Titalowa m'shedimo tinapeza abambo atakwera pa kamakwerero, chivundikiro cha injini chili chotsegula, mutu ndi manja zili m'kati. Atacheuka n'kuona apongozi awo ataima pakhomo, mukuganiza kuti akanapitiriza ntchito atawalozetsa msana? Anatsika msangamsanga n'kupukuta m'manja. M'shedi monsemo mpando unali umodzi, ndipo pampandopo ndi pamene panali thireyi ija. Anainyamula mwaphuma n'kuiika pa tebulo, mpando n'kukankhira kwa ine kuti ndipatse amayi, iwo n'kukanjuta patali kuseri kwa phiko akuwomba m'manja.

Moni wake sanali wachidule. Amayi anafunsa kudzera mwa ine ngati akamwini adzuka bwino, ngati kuti sanagone nyumba imodzi, anafunsa za ntchito, anayamikira ndegeyo, abambo akungoti zikomo, zikomo, maso ali pansi. Tili pakati pa zimenezi analowa mwini ndege uja akusisita m'manja, anagwira amayi chanza mwachizungu, n'kunena kuti nthawi yawo yoyeserera aisendeza kufupi chifukwa masana kukubwera mvula. Ine ndinatanganidwa ndi kumasulira Chizungu chake. Abambo anabwerera ku injini, anayang'ana m'thireyi n'kupeza mulibe kanthu, anasuzumira n'kuona nati ili pamalo pake, ndipo anatseka chivundikiro. Panali mkulu wina, injiniya wopuma pa ntchito, amene nthawi zambiri ankaonanso ntchito ikatha, koma m'mawa umenewo anali ku shedi ina kuthandiza anzawo. Abambo ndi mwini wake anaikankhira panja ndege ija, anapukusa pulopela, ndipo tinaiona ikuthamanga pa udzu mpaka inanyamuka n'kukazimirira kuseri kwa timapiri.

Tinakhala pa benchi pafupi ndi mpanda n'kutsegula fulasiki. Amayi anali okondwa kwabasi, akuti anthu akumudzi sakakhulupirira. Kenako, ngati munthu wakumbukira kanthu kachabe, anamasula mfundo imene inali pa nsonga ya chitenje chawo, paja amamangapo ndalama ya chopereka, n'kundiika kachitsulo m'manja. Anati ndidzawapatse akamwini akabwera, kanagwa pamene ankanyamula mbale yawo ija, ndipo iwo anakatola kuti kangasowe. Ndinayang'ana m'manja mwanga. Kanali kapini kaja ka miyendo iwiri, konyezimira, miyendo yake ili yowongoka bwinobwino. Kanali kasanalowepo paliponse.

 Ndinawafunsa amayi, ndipo ndikudziwa kuti mawu anga sanali a mwana kwa kholo, kuti bwanji sananene pomwepo. Anandiyang'ana modabwa n'kundifunsa kuti akanawaitana bwanji akamwini pamaso pa abwana awo, kapena ndinkafuna awapatse pamanja ngati mnzawo? Anati anandikodola koma ine ndinali kalikiliki ndi Chizungu, kenako mwana analira, basi zinawachoka m'mutu. Sindinadikire kuti amalize. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinataya kapu n'kuliyatsa liwiro kulowera ku mashedi, munthu woti ndinali ndisanachire bwino uchembere.

Ndinalowa shedi iyi, ndinalowa iyo, ndikufunsa za injiniya uja, ndipo anthu ankangondiyang'ana, mayi wakuda wopanda nsapato imodzi akugwedeza kachitsulo m'mwamba. Wina anandiuza mwaulemu kuti alendo saloledwa kupitirira chingwe. Ndinamudutsa ngati sindinamve. Injiniya uja ndinamupeza atagona chagada pansi pa ndege ina, ndipo lamulo lawo losapereka moni ndinaliponda, ndinachita kumukoka mwendo. Atakaona kapiniko anakatembenuza kamodzi, n'kundifunsa kuti kachokera kuti ndipo abambo amagwira mbali iti ya injini. Ndinamuonetsa ndi dzanja mbali yake. Nkhope yake inayera kuposa mmene inalili kale, anatulutsa liwu limene sindingalembe pano, ndipo mkuluyo, ngakhale anali ndi bondo lovuta, anathamanga kundisiya ine m'mbuyo.

Tinakafika ku kanyumba ka wailesi komwe amalankhulira ndi oyendetsa ndege. Ali wefuwefu anandifotokozera kuti mbali imeneyo ndi kumene kuli kandodo kopereka moto ku injini, ndipo popanda kapiniko nati ija iziyenda pang'onopang'ono mpaka igwe, bawuti n'kusololoka, chogwirira cha woyendetsa n'kusanduka chidole. Ndinamufunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji. Anati palibe angadziwe, mwina sabata, mwina zachitika kale. Mayi amene anali pa wailesi anayamba kuitana ndege ija. Anaitana, anaitananso, koma kunkangomveka phokoso ngati la mafuta m'chiwaya. Akuti ndegeyo inali pansipansi kuseri kwa mapiri, komanso kawailesi kake kanali ka m'manja, kovuta kumva mu mphepo. Ine mutu utaima ndinaimba foni ya abambo, ngati kuti munthu angayankhe foni m'mwambamo, ndipo inangoitana mpaka kuduka. Ndinaimbabe kangapo chifukwa panalibe china choti manja anga achite.

Abale anga, ndagwirapo manja a anthu ambiri akumwalira, ndipo ndinkadziona ngati munthu wolimba mtima, koma pa kanyumba kaja ndinatheratu. Ndinkaganiza kuti apongozi anga kumudzi ndikawauza chiyani, kuti mwana wawo wafera chiyani, m'ndege ya nsalu ya munthu wina, pa masewera? Ndinkaona bokosi likukwezedwa ulendo wa kwathu, ndinkaona khanda langa likukula n'kumafunsa nkhope ya bambo ake pa chithunzi. Ndinamulonjeza Mulungu zinthu zimene mpaka lero sindinakwanitse. Ndinamugwira mkono mayi wa pa wailesi uja n'kumupempha kuti asasiye kuitana, ngakhale kuti sanasiye n'komwe.

Amene anatipulumutsa ndi woyendetsa ndege ina imene inali pamwamba kwambiri. Iyeyo anamva, n'kupatsira uthenga kwa mwini ndege uja, ndipo patapita kanthawi anabweza yankho loti amva. A ku kanyumba ka wailesi anawauza kuti asakhudze chogwirira cha moto, akwere m'mwamba ndipo abwerere molunjika kubwalo. Ndege zina zonse anazithamangitsira kutali, kagalimoto kozimitsa moto kanatuluka, ndipo wina anaimbira ambulansi. Ndinatuluka panja n'kuona kadontho kakubwera, ndipo mtima unayamba kutsika poganiza kuti tawapeza nthawi ilipo. Ndegeyo itafika pamwamba pathu, mwini wake anayesa kuchepetsa moto kuti atsike. Kulira kwa injini sikunasinthe ngakhale pang'ono. Mawu ake anamveka pa wailesi, odekha ngati akuitanitsa tiyi, akuti chogwirira chikungoyenda chokha.

Ndege imene injini yake ikulira ndi mphamvu zonse singatere pa kabwalo kakang'ono ngati kaja. Injiniya uja anandiuza mosabisa kuti njira yatsala imodzi, kuzimitsiratu injini ali m'mwamba n'kutsika ndi mphepo yokha, ndipo poti injiniyo imalira pochita kupukusa ndi manja, akaizimitsa ndiye kuti yazima. Akalakwitsa palibe kubwereza. Ndege ija inazungulira pamwamba pathu ikubangula, inazunguliranso, ndipo ndinkatha kuona kamutu ka abambo pa mpando wakutsogolo. Nditacheukira ku mpanda ndinaona amayi atagwada pa udzu wonyowa, mwana ali kumsana, manja ali m'mwamba, akupemphera mokweza m'Chichewa kuti Mulungu atenge iwo nkhalamba asiye mwana wa eni ake. Azungu anali atawapatsa malo n'kumawayang'ana cham'mbali. Sindinapite kukawagwira. Ndinali nditawakwiyira amayi anga ndi mkwiyo umene sindinaudziwepo.

Kenako phokoso lija linaduka. Bwalo lonse linangoti zii, moti ndinkamva nkhosa zikulira kumunda ndi mphepo ikuimba mluzu m'mawaya a mapiko. Ndege inabwera ikutsika chammbali, ili pamwamba kwambiri, ndipo ndinamva injiniya uja akung'ung'udza kuti yathamangitsa, yathamangitsa. Inadutsa poyambira bwalo isanagunde pansi, inadutsa pakati, ndipo matayala atakhudza udzu inanjanja n'kukhudzanso. Kumapeto kwa bwalolo kunali mpanda wa miyala, uja amatchingira nkhosa kuno. Inaugunda ndi mphuno, matabwa anathyoka momveka, mchira unakwera m'mwamba n'kuima choncho.

Mmene ndinafikira kumeneko sindikumbuka. Wina anayesa kundigwira, ndinamukalipira kuti ndine namwino ndipo uyo ndi mwamuna wanga. Ponseponse pankanunkha petulo. Mwini ndege anali lende pa malamba, phewa litathyoka, akutukwana bwinobwino, ndipo ndinadziwa kuti ameneyo ali moyo. Abambo anali atapanikizika kutsogolo, injini itabwerera m'mbuyo n'kuwaphwanya mwendo, magazi akuyenderera kumaso. Ndinawagwira pakhosi n'kumva mtima ukugunda. Anatsegula diso limodzi, anafunsa ngati mkulu uja ali bwino, kenako anandifunsa chapansipansi ngati amayi aona zimenezi. Munthu fupa lili panja koma akuchita manyazi ndi apongozi. Ndinalira pomwepo ndikumanga mwendowo ndi lamba wa munthu wina.

Anawachita opaleshoni kangapo, ndipo mwendowo anaupulumutsa ngakhale kuti mpaka lero amatsimphina. Ofufuza ngozi anabwera, bawuti ija anaipeza pansi pa chivundikiro, nati sinaoneke. Abambo ankati mlandu ndi wawo, chifukwa munthu akakudukiza pa ntchito umayenera kuyambiranso poyamba osati kukhulupirira thireyi. Mwini ndege ankati ndi wake chifukwa chowafulumizitsa.  Amayi anasiya kudya, ankangolera mwana n'kukhala pakona maso ali kukhoma, ndipo ine, ndinene zoona, masiku oyambirira sindinawanyengerere.

Tsiku lina anandiuza kuti akufuna apite nawo kuchipatala. Titafika mu wodi anaima patali, kumapazi kwa bedi pafupi ndi katani, monga mwa mwambo wawo. Abambo anali atangochoka ku opaleshoni ina, milomo itauma gwa, manja onse ali ndi machubu, ndipo poona apongozi anayesa kudzuka kuti akhale mwaulemu koma analephera. Anandipempha madzi. Ine ndinali nditanyamula mwana amene ankavuta, ndiye ndinayamba kuyang'ana pomuika. Ndisanapeze, ndinangoona amayi akundidutsa. Anatenga kapu ija, analowetsa dzanja lina pansi pa mutu wa mkamwini wawo n'kuwadzutsa pang'ono, ndipo anawamwetsa. Abambo anayesa kutembenuzira nkhope kumbali, koma amayi anawauza, iwo eni osadzera mwa ine, kuti amwe, ndipo anawatchula kuti mwana wanga. Anati kachitsulo kaja anakaona kakugwa ndi maso awo, pakamwa anatsegula, koma ulemu unawatseka, ndipo ulemu wotere sakuufunanso. Abambo anamwa madziwo akulira, amayi akuwapukuta kuchibwano ndi chikhatho. Ine ndinakhala pa mpando wa alendo, ndipo mkwiyo uja unathera pomwepo.

Pano ndimakhulupirira kuti Mulungu anawakumbutsa amayi mfundo ija nthawi idakalipo, chifukwa akanaimasula madzulo, chogwirira chija chikanawakanika ali pansipansi pakati pa mapiri, ndipo bwenzi ndikukuuzani nkhani ina. Mwambo wathu sindiunyoza, unandilera ndipo ana anga ndimawaphunzitsa kugwada ngakhale amandiyankha m'Chizungu. Koma anaukonza anthu amene ankapatukirana pa njira ya kumunda, komwe kudikira sikupha munthu. Ndiye inu amene mwaitanitsa makolo kuno, ndi inu amene amuna anu amagwira ntchito za makina, kaya m'galaja kaya m'fakitale, khalani nawo pansi onse awiri muwauze zisanachitike. Munthu akakhala pa ntchito ya zitsulo musiyeni amalize, moni sawola. Ndipo mukaona chinthu chikugwa, kaya ndi kwa apongozi, kaya ndi kwa abusa, kaya ndi pamaso pa abwana, itanani pomwepo ndi mawu okweza. Manyazi ake mudzawapirira muli nonse amoyo.